Nambala Wani Safika ku Chilumba

Tazimitsa kaye kamayi kolankhula m'foni kameneko. Iwe Tamanda, ndikunena iwe. Kuchokera ku Fremantle mpaka pakhomo pano kakhala kakukulamula ngati mwana wa sitandade wani, khotera uku, khotera uko, iwe n'kumangomvera. Ine ndikati tsuka mbale umandiyankha m'Chingerezi kuti ukubwera, koma kamayi kosaonekako kakangonena, chiwongolero chatembenuka kale. Ndakufunsa m'galimoto kuti msewu tadzerawu ndi nambala chiyani, wandiyang'ana ngati ndakufunsa dzina la agogo a agogo ako. Nawenso Lusungu usaseke, wasiyana naye pati? Khalani pansi nonse awiri. Amayi anu anakuuzani kuti agogo anu aamuna anadwala n'kumwalira. Sananame, koma anaidula pakati nkhaniyo chifukwa munali ana. Tsopano mwakula, wina wayamba ndi kuyendetsa galimoto, ndiye mumve mmene anasowera pakhomo pano ndi mmene tinawafunira.

Ine ndinakulira ku Lizulu, m'mbali mwa M1, ndikugulitsa mbatatesi m'beseni. Inu mumaidziwa ili m'pulasitiki, yosambitsidwa ngati ikupita ku ukwati. Yathu inkabwera ndi dothi lake, ndipo ndinkathamanga nayo pamutu lole isanaime n'komwe. Agogo anu, a Gondwe, ndinawadziwira pamenepo. Anali dalaivala wa lole, mnyamata wa ku Chilumba, kumpoto kwenikweni, wolankhula Chichewa chopindika ndi Chitumbuka. Akamadutsa ankaima basi, kugula beseni lathunthu la dzana lisanathe. Mayi anga ndiwo anayamba kuona. Ati, “Mwana iwe, munthu uyu sadya mbatatesi, akufuna mwini beseni.”

Lole za nthawi imeneyo sizinali zanu zodina batani izi. Kukazizira inkakana kulira mpaka anthu aikankhe. Kuseri kwa mpando kunkakhala jeke, masipanala, pulaimasi yophikira tiyi, chigubu cha madzi, china cha dizilo, ndi kapaipi koyamwira mafuta ndi pakamwa. Zaka zonse za ukwati wathu munthuyo ankanunkha dizilo, ngakhale pa Sabata atavala suti.

Ndiwo anandiphunzitsa kuti misewu ili ndi maudindo ngati anthu. Kwathu ya M ndiyo akuluakulu, yolumikiza mizinda. Pansi pake pali ya S, kenako ya T, kenako ya D, ya m'maboma, imene mvula ikagwa imasanduka phala. Koma M1 ankaitchula mwaulemu, ankangoti Wani. Wachokera kumunsi ku Nsanje, wadutsa Blantyre, kwathu ku Ntcheu, Lilongwe, Kasungu, Mzuzu, mpaka kumalire a Tanzania, ndipo misewu ina yonse yangomera pa iye ngati nthiti pamsana. Ankandiuza kuti, “Nangozo, ukasochera usafunse njira ya kwanu. Funsa kumene kuli Wani, akakufikitsa yekha.” Ndipo zinali zoona. Chinanso, pa Wani sukhala wekha. Ngakhale pathengo poti apa ndiye palibe munthu, lole ikangofa, patuluka wa njinga, patuluka wogulitsa makala, ana abwera kudzakuonerera, mayi wina wabwera ndi madzi m'chikho osapemphedwa.

Amayi anu, Wezi, ndiwo anayamba kubwera kuno ku Australia kudzagwira unamwino. Bambo anu anatsatira n'kupeza ntchito kumafakitale a ku Kwinana kuno. Utabadwa iwe Tamanda anatiitana kuti tidzalere, ndipo tinabwera ndi masutikesi awiri tikuti tikhala pang'ono. Pang'ono pake ndi pano.

Ine chimene chinandivuta chinali zii wa kuno, nyumba zotsekatseka, anthu osaoneka. Agogo anu chinawavuta ndi kukhala manja lende. Munthu woti wayenda moyo wake wonse, lero akhale pakhonde kuonerera udzu ukuthiriridwa ndi makina? Anakalemba mayeso, anapeza laisensi ya kuno, ndipo anayamba kuphunzira misewu ngati mwana wokonzekera mayeso a boma. Ankabwera masana n'kundikhazika pansi, ine ndili ndi mwana kumsana, kundilalikira za zikwangwani. Ati kuno nambala amaiika m'kachishango, ndipo mtundu wa chishango ndiwo ukuuza mwini msewu. Cha buluu ndi misewu ya chigawo chino. Manambala ang'onoang'ono anawapatsa misewu ikuluikulu ya mumzinda: 2 ndi fuliwe, msewu waukulu uja wodula mzinda kuchokera kumpoto mpaka kumwera, 3 amazungulira kunja kwa mzinda, 4 ndi Tonkin, 7 ndi Leach wopita ku doko. Ya manambala awiri ndi yocheperapo kapena yotuluka kunja, monga 30 wa ku Albany. Chobiriwira cha nambala yachikasu ndi misewu italiitali ya dziko lonse, 94 wa ku Kalgoorlie ndi 95 wolowera kumigodi ya kumpoto. Chofiirira ndi cha alendo oona malo. Mukuona, ndikuzikumbukira mpaka lero, ine amene sindinagwirepo chiwongolero.

Chimene chinkawapsetsa mtima n'chakuti eni dziko sadziwa manambala awo omwe. Ankafunsa mzungu wa nyumba yoyandikana nayo kuti 4 ali bwanji lero, mzungu n'kungoti kakasi, mpaka amuuze kuti Tonkin. Ankabwera akung'ung'udza. “Anthu awa anapenta manambala kuti aziwerenga ndani, akhwangwala?”

Koma chimene chinawapweteka kwenikweni ndi Wani wa kuno. Anamupeza tsiku lina kuseri kwathu komweku, pamsewu wodutsa pamatanki a mafuta ndi machumuni aja, kachishango koyera, nambala yakuda. Anabwera akumwetulira ngati akumana ndi mbale wawo. Atamutsatira anakhumudwa. Wani wa kuno si bwana mumzinda, bwana ndi 2. Iye amangozemba m'mbali, kuima pa maloboti, kusintha dzina pakona iliyonse, apa Rockingham Road, apo Stock Road, apo walowa mwa mnzake. Bambo anu anawafotokozera pa mapu kuti msewu umenewu umazungulira Australia yense m'mbali mwa nyanja n'kubwerera pomwe unayambira. Agogo anu anayang'ana mapuwo. Kenako anati, “Msewu wopanda kothera si msewu, ndi chingwe cha mbuzi pachikhomo.”

Zaka zinapita, Lusungu unabadwa, agogo anu akukutengani kusukulu ndi kutchalitchi. Matenda anabwera mwakachetechete. Anayamba kuika shuga mufiriji, kufunsa chinthu chimodzi kangapo, kunditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Ine ndinkati ndi ukalamba. Amayi anu, poti amaona zotere kuntchito tsiku ndi tsiku, anadziwa msanga, ndipo adokotala anatsimikiza kuti ndi matenda oiwala. Kumudzi nkhalamba yotere ena amaitcha mfiti, kuno amaipatsa dzina ndi mapiritsi, koma konseko sichira. Chodabwitsa, manambala a misewu sanawaiwale. Dzina la mdzukulu linkathawa, koma ukati 95 ankayankha nthawi yomweyo. Chimene chinasokonekera n'chakuti misewu ya kuno ndi ya kwathu inayamba kulowana m'mutu mwawo. Ankati akufuna akamwe tiyi ku Kasungu abwerako madzulo.

Adokotala anati asiye kuyendetsa. Tsiku limene amayi anu anawalanda makiyi sindidzaliiwala, ndipo ndinadana nalo. Anagwada pansi mwana wanga, monga mwa mwambo, n'kunena kuti, “Adada, ndipatseni makiyi, mudzapweteka anthu.” Iwo anati, “Iwe Wezi, ndinakuyendetsa pa Wani uli m'mimba mwa amako, lero undiphunzitse galimoto?” Anawaponya pansi makiyiwo n'kukadzitsekera kuchipinda. Kuchokera pamenepo makiyi a galimoto yawo yaing'ono ankabisidwa m'chitini cha mpunga. Munthu wamkulu ankayendayenda m'nyumba kutsegula madirowa, kufufuza m'matumba a majekete, ine ndikuona, ndikudziwa pamene ali. Zinkandiwawa kwambiri.

Linali Loweruka, mu Januwale. Kwathu Januwale ndi mvula, mitsinje yodzadza, chimanga chofika m'chiuno. Kuno mukudziwa nokha, dzuwa lake limaotcha ngati mbaula. Amayi anu anali kuntchito, bambo anu anakutengani kokasambira, ine ndinalowa m'bafa ndikuwasiya akuodzera pampando. Potuluka ndinapeza mpunga uli mbwee pansi, chitini chili chogubuduzika, geti lili pululu. Foni yawo inali pa tebulo. Chipewa chawo cha udalaivala, chimene chinkakhala pamsomali, panalibe.

Apolisi anabwera msanga, ndipo sindiwanena, anagwira ntchito yawo. Analengeza nambala ya galimoto, anayang'ana kusiteshoni ya sitima, kumashopu, kugombe, poti akuti odwala otere kawirikawiri amapezeka pafupi. Ine ndinauza Wezi kuti awauze kuti munthuyu sali pafupi, watenga chipewa, wapita kwawo, ndipo watsata Wani. Wapolisi wamkazi anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa funso limene ndimalimvabe: Wani wake wolowera kuti? Pakuti pamphambano yathu ija zishango zilipo ziwiri, china choloza kumanja, china kumanzere, ndipo zonse zalembedwa 1.

Nthawi imeneyo azibambo a kutchalitchi anali atadzadza pabwalo ndi magalimoto awo, ena atathawa kuntchito ndi mayunifolomu. Bambo anu anabwera n'kunjuta pafupi nane. “Amayi, inu ndi amene mukuwadziwa. Tilowere kuti?” Onse anayang'ana ine. Ndinati kumpoto. Chilumba ili kumpoto, moyo wathu wonse kupita kwawo kunali kupita kumpoto, ndipo munthu wa ku Chilumba akanalowera kumwera kukatani? Ananyamuka onse, kudzera ku Midland, kukalowa Wani wa kumpoto, wopita ku Geraldton, akuima pomwetsera mafuta paliponse ndi chithunzi chawo pafoni. Palibe amene anawaona. Za usiku umenewo musandifunse.

Lamlungu chakum'mawa foni inalira. Galimoto yapezeka, koma kumwera, kutali, kupitirira Bunbury, kupitirira Manjimup, m'nkhalango ya mitengo italiitali. Munthu mulibe. Bambo anu anali asanabwere kuchokera kumpoto, ndiye anatitenga mnzawo wina wa ku Zambia, ine kutsogolo, amayi anu kumbuyo. Ndinamupempha kuti asadzere fuliwe, adzere pa Wani, ndione chimene anaona. Titangokhota pamphambano, tikudutsa matanki aja, ndinayang'ana kwa dalaivala kuti ndimuuze kanthu, ndipo pawindo lake, pakati pa mafakitale, ndinaona madzi akunyezimira.

Ana inu, pomwepo ndinazindikira. Kwathu nyanja ili kum'mawa. Ukamapita ku Chilumba pa Wani, ukatsika mapiri a Chiweta, nyanja imakhala kudzanja lamanja, pawindo la dalaivala, ndipo imakuperekeza mpaka kufika. Kuno nyanja ili kumadzulo. Ukaiika pawindo la dalaivala ndiye kuti ukupita kumwera. Agogo anu sanawerenge mawu a pachikwangwani, mawu anali atawathawa kale. Anaona nambala 1, anaona madzi kumanja, anadziwa kuti akupita kwawo, ndipo mwa nzeru zonse za udalaivala wawo sanalakwitse.

M'galimotomo ndinangogwira chitenje pakamwa. Pambuyo pake, maliro atatha, mayi wina wa kutchalitchi anandifunsa akumwa tiyi wanga kuti, “Koma amayi, munaneneranji kumpoto?” Ndinamuyankha kuti akadzasowa wake adzandiuze kolowera. Sanabwerenso kuno, ndipo sindimusowa. Ine ndinanena chimene ndinkadziwa. Dziko ndi limene linatembenuka, nyanja kukhala kolakwika, mvula kugwa mu Juni.

Ulendowo unali wautali. Kupitirira Bunbury msewu umasiya nyanja n'kulowa kumtunda, minda ya zipatso, matauni ang'onoang'ono, kenako nkhalango. Mitengo yake sindinaionepo, yoongoka, yaitali moti kumwamba kumangooneka kamzere. Ndinkayang'ana m'mbali kufuna munthu, wa njinga, mwana, ngakhale mbuzi. Palibe. Msewu wabwino, wosalala, wopanda dzenje ndi limodzi lomwe, zishango zoyera zili m'malo mwake, koma wopanda munthu woyenda pansi. Ndinayamba kuuopa msewu umenewo.

Galimoto tinaipeza itaimikidwa bwino m'mbali, mawindo otseka, zitseko zokhoma, mwala uli kuseri kwa tayala. Mafuta anali atatha. Kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake, pa phula, anali atayala nthambi zamasamba, milumilu, motalikirana bwino. Inu simungadziwe. Kwathu galimoto ikafa panjira, dalaivala amathyola nthambi n'kuziyala chotero, ndipo aliyense wodutsa amadziwa kuti apa pali mnzathu wavutika, amachepetsa liwiro, amafunsa. Kuno nthambi pamsewu sizinena kanthu. Magalimoto anadutsa Loweruka lonse akuzizemba, akuti zagwa ndi mphepo. Amene anaimba foni anali dalaivala wa thiraki ya mitengo, atadutsanso m'mawa n'kuona kuti mphepo siyala nthambi mwadongosolo chotero.

Wapolisi wa kumeneko anatifotokozera mofatsa kuti kuno lamulo la kutchire ndi limodzi, galimoto ikafa usaisiye, khala pomwepo, chifukwa galimoto imaoneka koma munthu saoneka. Ana a sukulu amalidziwa. Amayi anu akumasulira, ine ndinkangogwedeza mutu. Lamulo la agogo anu linali lina. Mafuta akatha umatenga chigubu, umatsata kanjira koyamba kolowa kumbali, chifukwa kanjira kalikonse kamathera pamudzi, ndipo pamudzi pali madzi, pali mthunzi, pali wina wodziwa kumene kuli dizilo. M'buti mwa galimoto yawo munkakhala kachigubu kofiira ka mafuta a makina otchetchera udzu. Sikanapezeke. Pafupi pomwepo panali kanjira ka dothi kolowa m'nkhalango, ka anthu ozimitsa moto wa kutchire, kosapita kwa munthu aliyense.

Anabwera anthu ongodzipereka, ovala zofiirira ngati malalanje, azibambo ndi azimayi a kumeneko osatidziwa n'komwe, n'kulowa m'nkhalango pamzere akuitana dzina limene sankatha kulitchula. Ndinawapempha kuti ndilowe nawo, anakana, ati kukutentha ndipo ndine wamkulu. Ndinaima pakamwa pa kanjirako ndikuitana ndekha, “Bambo a Wezi! A Gondwe!” Mawu ankangomezedwa ndi mitengo. Mayi wina anandipatsa botolo la madzi ozizira, ndinalephera kumwa. Ndikanamwa bwanji?

Anawapeza Lolemba m'mawa. Anali atayenda mtunda woti achinyamata aja anadabwa nawo. Anali atakhala pansi, atatsamira mtengo, nsapato atavula n'kuziika pambali moyandikana, chipewa chili pabondo, kachigubu kali pafupi. Adokotala anati mwina anapita Loweruka lomwelo dzuwa lisanalowe, mwina Lamlungu, sangatsimikize. Mawu akuti mwina Lamlungu amenewo ndimagona nawo mpaka lero. Akulu anati pofera salambula, koma sindinaganizepo kuti munthu amene anadutsa midzi yonse ya Malawi akupatsidwa moni angafere pamalo popanda ndi mmodzi yemwe womupatsa madzi.

Bambo anu anali atafika tsopano, maso ali psuu, osagona. Anthu ovala zofiirira aja anatipatsa pepani mmodzimmodzi n'kumapita. Inabwera galimoto yokoka n'kunyamula galimoto yathu. Wapolisi anati tikhoza kumapita, zotsala akatiuza mtauni. Amayi anu ananditsegulira chitseko, koma ine ndinaona kuti nthambi zija zikadalipo. Wina anali atangozikankhira m'mphepete ndi phazi, masamba atafota, zina zikadali pa phula.

Pa udalaivala pali mwambo. Galimoto ikachoka, woyala nthambi amazichotsa, chifukwa ukazisiya unamiza anzako, aima pachabe kapena achita ngozi pozemba. Agogo anu ankanyansidwa nazo kwambiri nthambi zosiyidwa. Ankaimitsa lole yodzadza katundu, kutsika, kuchotsa za munthu wina, akutukwana m'Chitumbuka kuti dalaivala wake analeredwa kuti. Ndiye ndinauza bambo anu kuti adikire. Amayi anu anati, “Amama, zisiyeni, kukutentha.” Ndinati ayi, bambo ako sanasiyepo nthambi pamsewu, sayambira kuno kwa eni.

Ndinayamba ndi za kutsogolo. Zinali nthambi zazikulu, zothyoledwa ndi manja, ndipo pena pothyokapo panali magazi ouma. Ndinazikokera kutchire imodziimodzi. Nditatembenuka ndinaona amayi anu ali kumbuyo kuja, akukoka zawo, akulira mosatulutsa mawu. Titamaliza ndinayang'ana uku ndi uku, msewu unali woyera, ndipo ndinauza bambo anu kuti tsopano galimoto yachoka, tiyeni.